Kodi manambala a kutchulidwa amatiuza chiyani za katswiri wa shuga ndi mapolima?

Mukatsegula tsamba la wasayansi pa Google Scholar, malo a pa intaneti ofufuzirapo zolemba za asayansi, maso sayamba kugwera pa zimene munthuyo anatulukira. Amagwera pa manambala awiri amene ali pambali: loyamba losonyeza kuti ntchito zake zatchulidwa kangati ndi anzake, lachiwiri lotchedwa h-index. Anthu omwe sali m'ntchito yathu amakonda kundifunsa kuti, "Ndiye kuti uyu wa 40,000 amaposa uyu wa 4,000 kakhumi?" Ndimawapempha kuti tikhale pansi kaye, chifukwa mu kemisitiri ya shuga ndi mapolima (zinthu monga pulasitiki ndi labala) manambalawa ali ndi khalidwe lawolawo.

Tiyambe ndi kutchulako. Wasayansi akalemba pepala la kafukufuku, kumapeto kwake amandandalika mapepala a ena amene anawagwiritsa ntchito. Dzina la pepala lanu likapezeka pa mndandanda wotere, mwatchulidwa kamodzi. Munthu amene anaganiza zoti ziwerengedwe zimenezi ndi Eugene Garfield wa ku Philadelphia, yemwe anafotokoza maganizowa mu magazini ya Science mu 1955 ndipo anatulutsa kaundula wa kutchulidwaku wotchedwa Science Citation Index mu 1964. Cholinga chake chachikulu chinali kuthandiza wofufuza kutsatira mapazi a ganizo, kuti adziwe amene analitenga n'kupita nalo patsogolo. Zoyezera anthu pa sikelo zinadzabwera pambuyo. H-index nayo ndi yaposachedwa: anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku San Diego, mu 2005. Munthu wa h-index ya 30 ali ndi mapepala 30 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 30.

Tsopano tione pepala limodzi la nkhani ya shuga limene latchulidwa kwambiri zedi. Linatuluka mu 1956 mu magazini ya Analytical Chemistry, lolembedwa ndi Michel DuBois, Fred Smith ndi anzawo atatu a pa yunivesite ya Minnesota. Mulibe nthano yaikulu mmenemo. Muli njira yoyezera kuchuluka kwa shuga m'madzi: mumathira pang'ono mankhwala otchedwa fenolo, kenako asidi wamphamvu wa salifa, madziwo amatentha n'kusanduka achikasu chopita ku olenji, ndipo makina oyeza kuwala amakuuzani kuti shuga alimo wochuluka bwanji. Basi. Wophunzira watsopano amaidziwa masana amodzi. Koma aliyense woyeza shuga m'mbewu, m'dothi, m'ndere za m'nyanja kapena m'tizilombo tating'ono amaigwiritsa ntchito, ndipo aliyense amalemba kuti "ndatsata njira ya DuBois." Pofika lero pepalalo latchulidwa maulendo zikwi makumi angapo. Mnzake ndi pepala la Gail Lorenz Miller la 1959, lonena za mankhwala ena oyezera shuga, nalonso lili pamwamba pa chifukwa chomwecho.

Sikuti ndikunyoza ayi. Njira ya DuBois ndinaigwiritsa ntchito ine ndemwe, ndipo chovala changa cha mu labu chili ndi mabowo a asidi ochitira umboni. Chimene ndikunena n'chakuti nambala yaikulu pano ikuwerenga anthu amene anabwereka chipangizo, osati kuzama kwa ganizo. Magazini ya Nature itandandalika mapepala 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri mu 2014, ambiri anali a njira zogwirira ntchito mu labu. Pamwamba penipeni panali njira ya Oliver Lowry ya 1951 yoyezera mapuloteni, yotchulidwa koposa ka 300,000. Pepala la Watson ndi Crick la kapangidwe ka DNA silinalowe n'komwe pa mndandandawo.

Nanga maganizo aakulu amathera kuti? Amamira mu chilankhulo cha tsiku ndi tsiku. Emil Fischer anasonyeza mu 1891 mmene maatomu akhalira mu gulukosi ndi abale ake, ntchito imene inamuthandiza kulandira mphoto ya Nobel mu 1902. Norman Haworth wa ku Birmingham, amene analandira yake mu 1937, anakhazikitsa mfundo yoti shuga ambiri amakhala ngati mphete, ndipo kajambulidwe ka mphete kamene timaphunzitsa ana asukulu kamadziwika ndi dzina lake. Katswiri aliyense wa shuga amajambula mphete ya Haworth mwina kakhumi pa tsiku, koma ndani amaika pepala la Haworth pa mndandanda wake? Palibe. Chinthu chikakhala chodziwika kwa onse, anthu amaleka kunena kumene chinachokera, monga mmene sitifunsira amene anayamba kupondaponda njira imene tikuyendamo. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu Robert Merton anazindikira kale vuto limeneli: ganizo likapambana kotheratu, limafufuta dzina la mwini wake m'mabuku owerengera.

Ku mapolima nkhani yake ndi yowawa kuposa pamenepa. Polima ndi molekyu yaitali ngati unyolo, yopangidwa ndi tizidutswa tofanana tambirimbiri tolumikizana. Pulasitiki ndi polima, labala ndi polima, sitachi ndi selulozi (ulusi wa m'zomera) nazonso ndi mapolima, ndipo ziwirizi zonse ndi unyolo wa gulukosi, kungosiyana kalumikizidwe. Apa m'pamene nkhani ya shuga ndi ya mapolima zimakumanirana. Hermann Staudinger atalemba mu 1920 kuti unyolo wotere ulipodi, akuluakulu ambiri a kemisitiri ku Germany anamukana. Iwo ankati ndi tinthu tating'ono tongounjikana pamodzi. Anamutsutsa poyera pa msonkhano wa ku Düsseldorf mu 1926, ndipo mphoto ya Nobel inamupeza mu 1953, patapita zaka 33. Pakanakhala komiti yomuyeza ndi manambala a zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, ikanaona munthu wouma mutu amene akutchulidwa makamaka ndi omutsutsa. Zimenezi n'zofunika kuzikumbukira: makina owerengera sasiyanitsa wokutchulani pokuyamikani ndi wokutchulani pofuna kusonyeza kuti munalakwitsa.

Palinso gulu la akatswiri amene manambalawa sawaona bwino. Zambiri zazikulu za mapolima zinachitikira m'makampani, kumene chotulukiridwa chimapita ku patenti (chikalata cha boma choteteza umwini wake), osati ku magazini. Nayiloni anapangidwa mu labu ya Wallace Carothers ku kampani ya DuPont mu 1935. Stephanie Kwolek, pa kampani yomweyo, anapeza mu 1965 chimene chinadzakhala Kevlar, ulusi wa m'zovala zoteteza ku zipolopolo. Mukafuna kudziwa kulemera kwa ntchito ya Kwolek, mndandanda wa mapepala siukuthandizani kwenikweni.

Ndikhale pang'ono pa chifukwa chimene akatswiri opanga shuga amaonekera ngati aulesi pa pepala. Mukatenga tizidutswa tiwiri tofanana ta puloteni, timalumikizana m'njira imodzi yokha. Mukatenga magulukosi awiri, pali njira 11 zosiyana zowalumikizira, ndipo iliyonse imabala chinthu china. Gulukosi ali ndi timanja tisanu togwirira, tonse tofanana ndithu. Kuti mulumikize pa kadzanja kamodzi kamene mukufuna, muyenera kuphimba tinayi tinato, kulumikiza, kuvundukula, kuyeretsa, n'kuyambiranso pa kachidutswa kotsatira. Unyolo wa tizidutswa zisanu ndi chimodzi ungadye miyezi yambiri ya wophunzira, n'kutuluka ufa wosadzaza ngakhale nsonga ya supuni. Pamene iyeyu akumaliza pepala limodzi, mnzake wosakaniza polima wodziwika kale ndi chinthu chatsopano n'kuyeza kulimba kwake watulutsa anayi. Ndiponso anthu olemba za kapangidwe ka shuga ndi ochepa poyerekeza ndi olemba za mabatire kapena za khansa, choncho otchula nawonso ndi ochepa. Kuyerekeza h-index ya anthu a m'magulu osiyanawa n'kupikisanitsa msodzi wa m'dziwe ndi wa m'nyanja.

Muyeso wa magazini wotchedwa impact factor umakulitsa vutoli, chifukwa umangowerenga mmene mapepala a zaka ziwiri zapitazo atchulidwira chaka chino. Ntchito yochedwa kupsa imadzayamba kutchulidwa zenera litatsekedwa kale. N'chifukwa chake asayansi ndi akonzi a magazini anagwirizana mu 2012 ku San Francisco pa chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti munthu asamayezedwe ndi nambala ya magazini imene walembamo.

Komatu manambalawa sanama nthawi zonse, ndipo sindingakhale wachilungamo nditapanda kunena. Mu 1995 Krzysztof Matyjaszewski ku Pittsburgh ndi Mitsuo Sawamoto ku Kyoto, aliyense payekha, anapeza njira yolamulira kutalika kwa unyolo wa polima pamene ukukula. Mu 1998 gulu la ku Australia linabweretsa njira ina yotchedwa RAFT. Mapepala amenewa anatchulidwa ngati moto wolusa, ndipo moyenera, chifukwa malabu dziko lonse anasinthadi kagwiridwe ka ntchito. Chimodzimodzi pepala la Barry Sharpless ndi anzake la 2001 la click chemistry, njira yolumikizira mamolekyu mwachangu ndi mosaphonya. Mphoto ya Nobel ya 2022 inapita kwa iye, Morten Meldal ndi Carolyn Bertozzi; Bertozzi ndiye anagwiritsa ntchito maganizo otere poika chizindikiro pa shuga wokuta maselo amoyo popanda kuwapweteka. Apa nambala ndi kufunika kwa ntchito zinayendera limodzi.

Ndikapatsidwa mbiri ya katswiri kuti ndiiunike, nambala ndimaiyang'ana, koma pomaliza. Choyamba ndimachotsa mapepala ongofotokoza mwachidule ntchito za ena, chifukwa amenewa amatchulidwa kwambiri mwachibadwa. Ndimachotsanso malo amene munthu wadzitchula yekha. Ndimaona kuti nambalayo yachokera kuti, pakuti Google Scholar imawerenga zambiri kuposa akaundula ena monga Scopus kapena Web of Science, ndipo munthu mmodzi angakhale ndi ma h-index atatu osiyana tsiku limodzi. Kenako ndimasankha mapepala ake awiri, ndi kutsegula khumi mwa amene anawatchula, kuti ndione ngati anangoika dzina lake pamzere wa mayina kumayambiriro, kapena anatengadi njira yake n'kupita nayo ku labu kukaiyesa.