Kuchonga nkhani ya wophunzira utolankhani kumayambira m'kope mwake

Wophunzira utolankhani akhoza kuloweza mafunso onse aja a ndani, chiyani, liti, kuti, chifukwa chiyani ndi motani, n'kukhoza mayeso a m'kalasi, koma akafika kukhoti n'kulakwitsa dzina la mboni. N'chifukwa chake mayeso enieni amachitikira kunja, ndipo ku Zomba kuno malo sasowa: khoti la majisitireti, msika waukulu, misonkhano ya khonsolo.

Mphunzitsi amatumiza wophunzira kukhoti m'mawa, n'kumuuza kuti pofika 2 koloko masana abweretse nkhani ya mawu 300. Ikachedwa, malikisi amadulidwa, pajatu wailesi sidikira munthu.

Pochonga, nkhani yokha siikwanira. Wophunzira apereke kope lake, mawu amene anajambula pafoni, ndi manambala a anthu amene anawafunsa. Mphunzitsi amayerekeza mawu aliwonse ogwidwa m'nkhaniyo ndi zomwe zili m'kope. Apa m'pomwe zambiri zimaululika. Mboni inati "ndinamuona akutuluka m'sitolo", wophunzira walemba "ndinamuona akuba". Wakometsera chiganizo, koma wamusandutsa mbava munthu amene khoti silinamupeze wolakwa, ndipo nyuzipepala ikhoza kusumiridwa. Kuimbira foni munthu mmodzi kapena awiri mwa ofunsidwawo kumagwiranso amene anangopeka mawu ali gone kuhositelo, kapena amene nkhani inamulembera ndi kompyuta.

Pa malikisi 100, ndi bwino 40 apite ku kulondola kwa mayina, zaka, malo ndi ndalama. 25 ku kumva mbali zonse. 20 ku ndime yoyamba ndi kasanjidwe. 15 ku chiyankhulo. Ochonga ambiri amakopeka ndi Chingelezi chosalala n'kuiwala kufufuza ngati zolembedwazo zinachitikadi. Kutchula dzina la mwana amene ali pamlandu ndiye kulephera basi, chifukwa lamulo loteteza ana la 2010 limaletsa.

Nkhani ya pawailesi, ngati zomwe zimamveka pa Chanco Community Radio, imachongedwa ndi khutu komanso wotchi. Wophunzira aiwerenge mokweza. Ikapitirira masekondi 45, kapena mpweya ukamuthera chiganizo chisanathe, akaidule.

Kumene ophunzira amapita kukaphunzira ntchito kumachokera malipoti a akonzi, koma ambiri amangoti "ndi wolimbikira". Zothandiza n'kuitanitsa nkhani monga anailembera wophunzira ndi monga inatulukira, n'kuwerenga malo amene mkonzi anasintha.