Phungu akasintha chipani, Gawo 65 limagwira ndani?

Boma likangosintha, mumamva aphungu akulengeza kuti anthu a m'dera lawo awatuma kukagwira ntchito ndi boma. Anthu amandifunsa ngati malamulo amalola. Yankho lili m'Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino, koma si aphungu onse amene gawoli limawagwira.

Limati Sipikala alengeze kuti mpando ulibe mwini ngati phungu amene anasankhidwa ali m'chipani watulukamo mwa kufuna kwake, kapena walowa chipani china chomwe chili ndi aphungu m'Nyumba ya Malamulo. Wopambana ataima payekha sakhudzidwa, n'chifukwa chake oima paokha amakopedwa kwambiri chisankho chikangotha. Kuvota motsutsana ndi chipani chako m'Nyumbamo nakonso si kuoloka, kutanthauza kusintha chipani. Gawo lomweli limateteza ufulu umenewo.

Mano a gawoli tinawayesa nthawi ya Bingu wa Mutharika. Anapambana mu 2004 ndi UDF, n'kutulukamo mu February 2005 ndi kuyambitsa DPP, chipani chomwe sichinapikisane nawo pa chisankhocho. Aphungu anakhamukirako. Bingu anafunsa makhoti ngati Gawo 65 silikuphwanya ufulu wolowa gulu lomwe munthu wafuna, ndipo mu June 2007 khoti la Supreme linati gawoli ndi lovomerezeka. Otsutsa anakakamira kuti Sipikala Louis Chimango ayambe wachotsa ooloka asanakambirane bajeti. Mbali ya boma inathamangira kukhoti kukatenga chiletso. Bajeti inachedwa, aphunguwo n'kukhalabe pamipando mpaka chisankho cha 2009. Bingu atamwalira mu April 2012, ambiri omwe ankavina nyimbo za DPP anapezeka atavala za PP ya Joyce Banda.

Vuto lake, m'kuona kwanga, ndi lakuti lamuloli tinaliika m'manja mwa andale okhaokha. Wodandaula ndi chipani, wogamula ndi Sipikala, yemwe amasankhidwa ndi aphungu omwewo, ndipo chipani chomwe chikulira lero ndi chomwe chinalandira ooloka dzulo. Wovota saonekapo.

Poyamba anali ndi malo ake. Malamulo a 1994 anali ndi Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu analifafaniza mu 1995, patangotha chaka chimodzi, ndipo mabungwe akhala akupempha kuti libwezeretsedwe. Oyenera kulibwezeretsa ndi aphungu, omwe gawolo lingawachotse ntchito.