Ma megapixel ambiri si ndiwo chithunzi chabwino

Papita zaka ndikumva mawu omwewa kwa ogulitsa mafoni: tengani iyi, kamera yake ndi ya ma megapixel 108, palibe yoiposa. Ndatopa nawo.

Megapixel imodzi ndi timadontho miliyoni imodzi topanga chithunzi. Nambalayo imangonena kuchuluka kwa timadonthoto, osati kuwala kapena kumveka bwino kwa chithunzicho. Chofunika kwambiri ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa galasi la kamera. Mukathithikiza timadontho tambirimbiri pa sensa yaing'ono, kalikonse kamalandira kuwala kochepa, ndiye madzulo chithunzi chimatuluka ngati mwachiwaza mchenga. N'chifukwa chake mafoni ambiri a ma megapixel 48 amaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi n'kutulutsa chithunzi cha ma megapixel 12, ndipo ena a 108 amaphatikiza timadontho 9. Galasi lenilenilo komanso pulogalamu yokonza zithunzi m'fonimo zimasinthanso zambiri.

Kuyesa nokha sikuvuta. Tengani mafoni awiri, pukutani magalasi kaye, poti nthawi zina vuto limangokhala mafuta a m'zala. Jambulani chinthu chimodzi mutaima pamalo amodzi, masana, kenako dzuwa litalowa. Zithunzizo muzionere pa sikirini imodzi, mukulitse nkhope kapena zilembo za pachikwangwani. Potumizirana, zitumizeni ngati fayilo, chifukwa mapulogalamu ochezerana amachepetsa zithunzi.

Chonde, musanauze mnzanu kuti awonongere ndalama pa nambala ya pabokosi, yambani mwajambula ndi foniyo kukada.