Kalata ya ku Cateme ndi njanji ya malasha

Mu Disembala 2011, anthu amene anasamutsidwira ku Cateme analemba kalata. Inapita ku boma la Moatize ndi ku kampani ya Vale, ya ku Brazil, imene inawachotsa pamalo awo kuti ikumbe malasha. M'kalatamo anandandalika zonse zimene analonjezedwa koma osachitika, n'kuika tsiku loti pofika pamenepo akhale atayankhidwa, pa 10 Januwale 2012. Tsikulo linakwana kuli zii. Anthu pafupifupi 500 ananyamuka n'kukatseka njanji, ndipo sitima yonyamula malasha kupita ku doko la Beira inaima.

Ambiri amakumbukira za njanjiyo, kalata ija n'kuiwala, chonsecho ndiyo inatsogola. M'chigawo chathu cha Tete madandaulo ambiri a anthu ayenda motere: pepala limapita, limakagona mu ofesi, yankho n'kudzabwera anthu atagwira pamene pali ndalama. Ife a kumtunda kuno, ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè, timadutsa kufupi ndi Cateme tikakwera shapa ya ku Tete, ndipo mtsinje wa Revúbuè umene anthuwo anausiya ndi womwewu umayambira kumapiri kwathu kuno. Chinyungwe chawo ndi Chichewa chathu n'zapachibale, ndipo malamulo amene amawasamutsa ndi omwewo amene angadzatisamutse ife.

Makolo athu analibe kolembera kalata. M'nthawi ya Apwitikizi munthu wamba ankatchedwa indígena, wopanda ufulu wa nzika, mpaka lamulolo linathetsedwa mu 1961. Dandaulo linkayenera kudzera kwa nyakwawa, kupita kwa mfumu, kukafika kwa chefe do posto, mkulu wa boma la Apwitikizi m'deralo. Tsono mfumu yomweyo ndiyo inkatolera msonkho ndi kupereka anthu a chibalo, ndiye ukanakasuma kwa yani? Wolongolola ankakumana ndi asipayi ndi mbalamatodya. Anthu anapeza njira yawo, yosamuka usiku. Mabanja ankawoloka malire kupita ku Nyasaland, kwa abale awo a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo zimene pakamwa pankaopa kunena zinkatulukira m'nyimbo za pamtondo ndi za kudambwe. Pomanga damu la Cahora Bassa, kuyambira 1969 mpaka 1974, anthu zikwizikwi anachotsedwa m'mbali mwa Zambezi n'kuwaunjika m'midzi ya mpanda yotchedwa aldeamento, nkhondo ya ufulu ili mkati. Sanawafunse.

Ufulu utabwera mu 1975 misonkhano inachuluka. Pa bwalo la grupo dinamizador, komiti ya chipani cha Frelimo ya m'mudzi, munthu ankatha kuimirira n'kudandaula za sitolo yopanda mchere kapena za mkulu wakuba, koma mfundo za chipani zinali zosakhudza. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula anthu anabwerera ku njira yakale ija, ndipo othawira ku Malawi anafika pafupifupi 1 miliyoni. Anayamba kubwerako mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992, n'kupeza minda ili tchire, ina italowedwa ndi ena.

Apa ndi pamene malamulo anasintha. Lamulo la malo la mu 1997, limene mabungwe a alimi monga UNAC ndi ORAM analimenyera nkhondo, linasunga mfundo yoti nthaka ndi ya boma, koma linavomereza kuti mudzi umene wakhala pamalo mwa chikhalidwe chake uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, DUAT, ngakhale ulibe chikalata. Umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umawerengedwa. Wofuna malo ayenera kuyamba wafunsa mudzi. Malamulo aakulu a dziko a mu 2004, m'ndime 79, amapatsanso nzika iliyonse ufulu wopereka pempho ndi dandaulo kwa akuluakulu. Papepala, malamulo amenewa ndi okoma ndithu. Malasha ndiwo anadzawayesa.

Vale inapambana mpikisano wa malasha a ku Moatize mu 2004, ndipo pakati pa 2009 ndi 2010 inasamutsa mabanja 1,365 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe. Anthuwo anawagawa pawiri. Amene anawerengedwa kuti ndi a m'tauni, mabanja 289, anapita ku bairro ya 25 de Setembro, mkati mwa Moatize momwemo. Amene anawerengedwa kuti ndi alimi, mabanja 716, anapita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Otsalawo anawalipira mwa njira zina.

Kugawa kumeneku ndiko kunali gwero la mlandu. Munthu wa ku Chipanga sanali mlimi chabe. Ankalima kumunda nthawi ya dzinja, chilimwe n'kumalima dimba m'mbali mwa mtsinje, kuwotcha makala, kuumba njerwa, kutola nkhuni, zonsezo n'kukagulitsa ku msika wa Moatize pa njinga kapena wapansi. Chakudya chikatha m'nkhokwe, thumba la makala linkagula ufa tsiku lomwelo. Ku Cateme anapeza sukulu, chipatala chaching'ono ndi nyumba zamalata, izi tisabise. Koma msika unali kutali, madzi anali ovuta, ndipo m'malo mwa mahekitala awiri amene banja lililonse linalonjezedwa anapatsidwa imodzi, kwa ambiri ya miyala, kwina n'kupeza kuti mundawo uli kale ndi eni ake. Nyumba zija zinayamba kung'aluka ndi kudontha zidakali zatsopano. Pamene sitima yoyamba ya malasha inkanyamuka mu 2011, anthuwa anali atadandaula kale kambirimbiri.

Pa 10 Januwale paja apolisi olimbana ndi zipolowe a FIR anabwera n'kubalalitsa anthu mwankhanza, ndipo 14 anamangidwa. Koma taonani zimene zinatsatira. Kampani inavomera kuti nyumba zinalidi ndi vuto n'kuyamba kuzikonza. Hekitala yachiwiri ija anadzailipira ndi ndalama. Ndipo pa 8 Ogasiti chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012, lamulo loyamba lofotokoza kasamutsidwe ka anthu chifukwa cha ntchito za chuma. Limati wosamutsidwa akakhale moyo wofanana ndi wakale kapena woposerapo, ndipo pakhale misonkhano yofunsa anthu yosachepera inayi. Kuyambira 2013 boma linayambanso kupatula 2.75 peresenti ya msonkho wa migodi kuti izipita kumadera okumbidwako. Zimene makalata a zaka ziwiri analephera kusuntha, sitima itaima zinasuntha m'miyezi yochepa. Phunziro limeneli anthu sanaliphunzire kwa mabungwe, monga akuluakulu ena amakondera kunena. Anawaphunzitsa ndi maofesi amene sankayankha.

Oumba njerwa ndiwo anatsatira. Mauvuni awo anatsekedwa mgodi utatenga malo, aliyense n'kupatsidwa 60,000 metikali, ndalama imene iwo ankati inali yongoyambira, pomwe kampani inkati nkhani inathera pomwepo. Mu Epulo 2013 anatseka njira zolowera ku mgodi. Mlandu wawo wakhala ukuzima n'kuyakanso kwa zaka zambiri, poti mlandu suwola. Ku Mualadzi nakonso, kumene anasamutsirako anthu a ku Capanga chifukwa cha mgodi wa Benga, kulira kunali kwa madzi ndi mtunda. Mgodiwo unachoka m'manja mwa Riversdale kupita kwa Rio Tinto mu 2011, n'kupitanso kwa ICVL ya ku India mu 2014, ndipo mwini watsopano aliyense ankapeza malonjezo a mnzake ali pakhomo.

Amene anakhalapo pa msonkhano wolemba abaixo-assinado, kalata ya dandaulo yosainidwa ndi anthu ambiri, amadziwa kuti si ntchito yamasewera. Anthu amakhala pansi pa mtengo, amayi mbali ino, abambo mbali iyo, nkhani n'kumakambidwa m'Chichewa kapena m'Chinyungwe. Wolemba amakhala mphunzitsi, katekisiti kapena mnyamata amene anafika kalasi ya 10, chifukwa kalatayo iyenera kukhala m'Chipwitikizi ndipo iyambe ndi ulemu wonse, Excelentíssimo Senhor Administrador. Akamaliza amaiwerenga mokweza n'kumamasulira, ndipo pamakhala mayi wina wonena kuti, "Aphunzitsi, za mjigo zija simunazilembe bwino, bwerezani." Kenaka pepala la mizere limazungulira. Aliyense alembe dzina, nambala ya chiphaso, asaine. Wosadziwa kulemba amapaka inki ya bolopeni pa chala chachikulu n'kudinda. Apa ndi pamene mantha amaonekera. Mkulu wina amagwira cholembera n'kufunsa chapansipansi, "Kodi a mfumu, dzina langali silidzandibwerera?" Funsolo ndi lomveka, pakuti mfumu ndi sekeretale wa bairro, amene boma linawavomereza ndi Decreto 15/2000, amavala yunifolomu ya boma ndi kulandira kangachepe kuchokera komweko. Mfumu ina imasaina poyamba penipeni. Ina tsiku limenelo imakhala ndi maliro kutali.

Odziwa zinthu sapita ndi pepala limodzi. Amajambulitsa lina, ndipo ku ofesi sachoka mpaka mlembi adinde chidindo pa lawolo, alembepo tsiku limene walandira. Kapepala kodindidwako kamasungidwa m'pulasitiki, m'sutikesi, pamodzi ndi makhadi a ubatizo.

Wina anganene kuti ngati makalata sayankhidwa, kuvutikiranji? Ine ndimaona mwina. Anthu 500 sangadzuke tsiku limodzi n'kupita ku njanji ngati sanakhalepo pansi n'kugwirizana chimene akufuna, ndipo kalata ndiyo imawakhazika pansi. Ikakhala ndi chidindo imatsekanso pakamwa aliyense wofuna kunena kuti anthu angoyamba chipolowe osadziwitsa akuluakulu. Ndipo nkhani ikafika ku khoti, woweruza safunsa kuti munalira kangati, amafuna mapepala.

Za ku Cassoca zikuonetsa zimenezi. Kampani ya Jindal inatsegula mgodi wa Chirodzi mu 2013 anthu a mudzi wa Cassoca adakali mkati mwa malo a mgodiwo, akupuma fumbi ndi kumva kuphulika kwa miyala. Anachita zionetsero kangapo. Koma bungwe loteteza chilengedwe la Justiça Ambiental ndi bungwe la maloya, Ordem dos Advogados de Moçambique, anatengera nkhaniyi ku khoti loona za kayendetsedwe ka boma, ndipo mu 2018 khoti linalamula kuti anthuwo asamutsidwe. Anapita ku Nhamatua. Kumenekonso madandaulo a minda sanachedwe kuyamba, komabe chinali chinthu chachilendo kuona kampani ya mgodi ikugonja pa mlandu wa anthu a kumudzi. Mu mzinda wa Tete mulinso bungwe la AAAJC, limene ntchito yake ndi kuthandiza midzi pa za malamulo, ndipo anthu ambiri a m'midzi yosamutsidwa anadziwira kumeneko kuti DUAT yawo ilipo ngakhale alibe chikalata.

Amene sanasamutsidwe nawo anali ndi lawo. Mgodi wa Moatize unakula mpaka kufika m'mphepete mwa nyumba za anthu. Ufa woyanika pa mphasa unkada, zovala pa chingwe chimodzimodzi, makoma n'kumang'aluka akaphulitsa miyala. Mu Okutobala 2018 anthu amene anatsala ku Bagamoyo analowa mu mgodi momwemo n'kuuza oyendetsa makina kuti azimitse. Sanaphwanye kanthu. Mafoni anajambula, zithunzi n'kufalikira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo mbali ina ya mgodiwo inaima kwa masiku ambiri. Kumapeto kwa 2021 Vale inalengeza kuti yagulitsa mgodi pamodzi ndi njanji ya Nacala, ija imadutsa m'Malawi, kwa kampani ya Vulcan pa mtengo wa madola 270 miliyoni. Fumbi silinapite nawo ku Brazil, ndipo mu 2024 anthu a m'mabairro a Moatize analemberanso kalata mwini watsopanoyo pa nkhani yomweyo.

Tsopano maso ali ku Mphanda Nkuwa, pa Zambezi, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, kumene boma likufuna kumanga damu lopanga magetsi okwana mamegawati 1,500. Boma likuti magetsiwo adzatukula dziko ndi kugulitsidwa kunja. Anthu a m'mbali mwa mtsinjewo, m'maboma a Marara, Chiúta ndi Cahora Bassa, ndi asodzi, alimi a madimba, oweta mbuzi ndi ng'ombe, ndipo mabanja amene akuyembekezeka kusamutsidwa akuwerengedwa kuti ndi oposa 1,400. Ena mwa iwo anapita okha kukaona mmene anzawo osamutsidwa ndi migodi akukhalira, ndiye ukawauza za nyumba zamalata amayamba afunsa za munda ndi madzi. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kumeneko kulibe sitima yoti aimitse, pakuti damulo silinamangidwe. Chimene ali nacho ndi pepala ndi misonkhano. Mu Disembala 2022 Justiça Ambiental inapereka ku Nyumba ya Malamulo ku Maputo pempho losainidwa ndi anthu oposa 2,600, lofuna kuti ntchitoyo iyambe yaima mpaka mafunso a anthu atayankhidwa. Patangotha chaka, mu Disembala 2023, boma linasainirana mgwirizano womanga damulo ndi makampani a EDF ndi TotalEnergies a ku France pamodzi ndi Sumitomo ya ku Japan. Mkangano tsopano wasamukira ku misonkhano yofunsa anthu ija imene lamulo la mu 2012 limafuna: aitanidwe ndani, nkhani ikambidwe m'chinenero chanji, ndipo chikalata cha zimene zagwirizanidwa asaine ndi mfumu yokha kapena mudzi wonse.