Kusaka gwero la vuto ma alamu akasefukira

Wokumba ngalande akadula chingwe cha fibre ndi khasu, ku ofesi yoyang'anira netiweki, yomwe amaitcha NOC, sikufika alamu imodzi yokha. Nsanja iliyonse ya mafoni yodalira chingwecho imalira payokha, ma rauta, zida zolondolera mauthenga pa netiweki, nawonso amatumiza ma alamu awo, mpaka sikirini kudzaza ndi mauthenga ofiira. Koma chaduka ndi chingwe chimodzi.

Njira ya stream processing imagwira mauthengawa akuyenda, osadikira kuti ayambe aunjikidwa m'database. Zida zimatumiza machenjezo otchedwa SNMP trap pa khomo (port) 162, ndi malipoti a zochitika otchedwa syslog pa khomo 514, kudzera mu UDP, njira ina yotumizira mauthenga pa netiweki. Onsewa amalowa mu Apache Kafka, pulogalamu yolandira mauthenga n'kuwaika pamzere, yomwe inayambira ku LinkedIn n'kutsegulidwa kwa aliyense mu 2011, kenaka pulogalamu ngati Apache Flink imawasefa nthawi yomweyo. Imachotsa obwerezabwereza, n'kusanja otsalawo potengera kukula kwa vuto malinga ndi muyezo wapadziko lonse wotchedwa ITU-T X.733: critical, major, minor ndi warning.

Ntchito yeniyeni ili pa kuphatikiza. Pulogalamu imatenga ma alamu onse a m'kanthawi kochepa, tinene masekondi 60, n'kuwayerekeza ndi mapu a netiweki. Ikaona kuti nsanja zonse zolirazo zimadutsira pa chingwe chimodzi, imatsegula tikiti imodzi, kutanthauza lipoti limodzi la vuto, ndipo amisiri amapita kumene chadukira m'malo moyendera nsanja iliyonse. Za magetsi nazo zili ndi ndondomeko yake: alamu ya kuzima kwa magetsi, jenereta kukana kulira, mabatire a mavoti 48 kuyamba kutsika, nsanja n'kuzima. Wowerenga bwino mndandandawu amatumiza dizilo mabatire asanathe.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi wotchi. Chida chimodzi chikapanda kugwirizana ndi NTP, njira yofananizira mawotchi a zida pa netiweki, alamu ya chiyambi imaoneka ngati yafika pambuyo, ndipo pulogalamu imaloza chida chosalakwa. Mapu akale amanamizanso chimodzimodzi: nsanja ikasamutsidwira pa chingwe china osalemba, kuphatikiza konse kumasochera. Apa sipofunika kuchita ulesi.

Kumbukiraninso kuti UDP satsimikizira kuti uthenga wafika. Chida chikhoza kufa osanena kanthu, choncho NOC iyenera kumachifunsa yokha pafupipafupi. Alamu yomangoyaka n'kuzima chifukwa cha cholumikizira cholowa chinyezi imafunika lamulo lakelake: ikabwereza kangapo m'mphindi zochepa, iwerengedwe ngati vuto limodzi lofunika mmisiri.