Amayi, nsatsi si njira yolera

M'midzi mwathu muno, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, mphekesera yakale ija yabweranso: akuti mayi akameza njere imodzi ya nsatsi sakhala ndi pathupi chaka chathunthu, akameza ziwiri zaka ziwiri. Palibe umboni wachipatala woti wina angadalire zimenezi. Chomwe tikudziwa bwino n'choti m'njere ya nsatsi muli poizoni wotchedwa ricin, ndipo alibe mankhwala omusukulutsa.

Poizoniyu amagwira ntchito motere: mwachidule, thupi lathu ndi tizigawo ting'onoting'ono tosawerengeka totchedwa maselo. M'kati mwa selo lililonse, pamalo otchedwa nucleolus, selo limapanga ulusi wautali wotchedwa RNA, n'kuudula m'zidutswa, n'kuzilumikiza ndi mapuloteni pafupifupi 80. Chotuluka pamenepo ndi ribosome, kamakina kopanga mapuloteni onse amene thupi limadalira. Ricin akalowa m'selo amathothola kachidutswa kamodzi kokha pa RNA ya kamakinako, basi kaima. Kadontho kamodzi kosaoneka ndi maso (molekyu imodzi) ka poizoniyu kangathe kuimitsa ma ribosome oposa 1,000 pa mphindi imodzi.

Apa mpamene ambiri mumanamizika. Fakitale ya shuga ku Nchalo itaima lero, m'magolosale shuga sangathe lero lomwe. Thupinso limayamba lagwiritsa ntchito mapuloteni omwe linapanga kale. Munthu watafuna nsatsi m'mawa, masana akusinja, akuseka, anzake n'kumati mwaona, palibe chachitika. Patapita maola angapo m'pamene m'mimba mumayamba kupotokola, kusanza, kutsegula, mwina kwa magazi. Ndi kutentha kwa kuchigwa kuno, madzi m'thupi sachedwa kutha. Impso ndi chiwindi zimatha kufooka, ndipo pakati pa tsiku limodzi ndi theka ndi masiku atatu munthu atha kumwalira.

Ena mumati, "Ine ndinameza, ndili moyo." Zoona. Njere ikamezedwa yathunthu chikopa chake cholimba chija chisanasweke, nthawi zina imangodutsa. Koma ndani amadziwa kuti yake sinali yong'aluka? Nanga mwana amene wakuonani mukumeza, iye n'kukatafuna ngati mtedza? Mwana sachedwa kugonja. Mafuta a nsatsi odzola aja ndi nkhani ina, poizoni wambiri amatsalira m'zotsalira zake, ndiye musazitaye pomwe pamasewera ana kapena pomwe pamadya mbuzi.

Chonde, musadikire zizindikiro. Wina akatafuna kapena kumeza nsatsi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka bwinobwino. Musamusanzitse, ndipo mkaka kapena mankhwala azitsamba sizichotsa poizoniyu. Ngati akutha kumwa, m'patseni Thanzi ORS muli panjira. Tengani njere zotsala mukaonetse adokotala, ndipo nenani zoona, nthawi yomwe anadya ndi kuchuluka kwake. Manyazi asakutsekeni pakamwa, sitikupita nanu kupolisi. Inu a kutsidya kwa Shire, ku Makhanga ndi ku East Bank, musati tiona kukacha. Bwato ndi njinga zipezeni kukadawala.

Ofuna kulera, jakisoni wa miyezi itatu, kachipangizo kapamkono ndi lupu zilipo kwaulere m'zipatala za boma. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo bambo akunyumba abwere nawo.