Matope a ku Minamata ndi nsomba zomwe timadya kuno ku Joni

Mmalawi wokhala ku Johannesburg amatha kusintha zambiri, koma nsomba sazisiya. Usipa, matemba ndi chambo chowamba zimafika m'makatoni pa mabasi ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo zikatha, mabanja a ku Rosettenville, ku Yeoville kapena ku Diepsloot amagula nsomba za m'zitini ndi za m'mafiriji, zomwe kwawo ndi kunyanja yamchere. Popeza doko la Durban lili pamtunda wa makilomita oposa 500, ambiri a ife sitiganizako za matope a pansi pa madoko ndi pamathiriro a mitsinje, komatu m'matope amenewo ndi mmene mudayambira nkhani ya mercury (chitsulo chamadzimadzi chapoizoni) m'nsomba, pamodzi ndi mkangano wakuti matope oipitsidwa azikumbidwa kapena azisiyidwa pomwe agona.

Mtsinje ukamathira m'nyanja madzi amafooka, ndipo dothi lomwe asenza limakhazikika pansi. Amene adamvapo za matope otsamwitsa makina a magetsi ku Nkula ndi ku Kapichira sangavutike kumvetsa chifukwa chake madoko amakumbidwa kawirikawiri kuti sitima zikuluzikulu zizilowa. Vuto n'lakuti mercury wochokera m'mafakitale ndi m'migodi amamatirira ku dothi losalala n'kugona nalo pansi, ndipo m'matope akuda osafikako mpweya muli mabakiteriya amene amamusandutsa methylmercury, poizoni wowononga ubongo ndi mitsempha. Poizoniyu amalowa m'tizamoyo tating'ono ta m'madzi, kenako m'nsomba zazing'ono zodya tizamoyoto, kenakonso m'nsomba zazikulu zodya zinzake, ndipo pa gawo lililonse amanka nachuluka. Makina okumba akavundula matope, mercury amene adakwiririka kalekale amabwereranso m'madzi ndi pamwamba pa matope, pomwe nkhanu, nkhono ndi ana a nsomba amadyera.

Dziko lidaphunzira zimenezi mowawa ku Minamata, tauni ya asodzi ku Japan. Kuyambira mu 1932, fakitale ya kampani ya Chisso inkatayira madzi okhala ndi mercury m'doko laling'ono la tauniyo. Zizindikiro zidayamba kuoneka pa nyama: amphaka ankadzandira ngati oledzera mpaka kugwera m'nyanja, ndipo akhwangwala ankagwa ali mkati mouluka. Pa 1 May 1956 achipatala adalengeza za nthenda yachilendo yomwe inkachititsa dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kulephera kuyenda ndi kuyankhula, kukomoka, ngakhale imfa. Mu 1959 akatswiri a pa yunivesite ya Kumamoto adaloza chala mercury, koma fakitale idapitiriza kutaya nyansi zake mpaka 1968, chaka chomwe boma lidavomereza gwero la nthendayo. Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti amayi ena amene ankaoneka athanzi adabereka ana olumala ubongo, chifukwa poizoniyu amadutsa m'thupi la mayi n'kukafika kwa mwana wosabadwa. Anthu oposa 2,000 adavomerezedwa ndi boma kuti ndi odwala nthendayi, ndipo enanso ambirimbiri adamenyera chipukutamisozi kwa zaka makumi angapo.

Kutseka mpope wa nyansi sikudathetse nkhani, pakuti mercury adali atagona kale pansi pa doko. Mu 1974 akuluakulu adatchinga khomo la dokolo ndi ukonde wautali kuti nsomba za poizoni zisatuluke, ndipo mu 1977 adayamba ntchito yochotsa matope. Apa m'pamene mkangano udabuka. Anthu ena a m'deralo adapita kukhoti kukapempha kuti ntchitoyo iime, poopa kuti kuvundula matope kudzutsa poizoni amene wagona n'kumufalitsira kunyanja yonse. Mantha awo sadali opanda pake, ndipo ndikuona kuti munthu aliyense amene adanamizidwa kwa zaka zambiri kuti nsomba zilibe vuto akadachitanso chimodzimodzi. Ntchito idaima mpaka 1980, pamene khoti lidakana pempho lawo.

Mmene adakumbira m'pofunika kusamala pomva. Sadafukule matope ndi zikho zachitsulo monga zimachitikira pokuza njira ya sitima, koma adawayamwa ndi mipope kuti madzi asavunduke kwambiri, uku akuyeza madzi ndi nsomba nthawi ndi nthawi. Adalondola malo onse omwe mercury adapitirira mamiligalamu 25 pa kilogalamu ya matope, ndipo matope okwana pafupifupi makyubiki mita 1.5 miliyoni adasonkhanitsidwa kapena kukwiriridwa pomwepo kuseri kwa khoma lachitsulo, kumbali ya doko yomwe idali yoipitsidwa koposa. Ntchito idatha mu 1990, ndipo pamwamba pake padabadwa mtunda wa mahekitala 58 womwe lero ndi paki. Ukonde uja adauchotsa mu 1997, patapita zaka 41 chilengezere nthendayo. Mercury sadathe ayi, ali pansi pa udzu wa pakiyo, ndipo khoma lomutchinga liyenera kuyang'aniridwa mpaka kalekale.

South Africa ili ndi mbiri yakeyake. Doko la Durban, momwe mumathira mitsinje ya Umbilo ndi Umhlatuzana itadutsa m'madera a mafakitale, limadalira kukumba, ndipo la Richards Bay, lomwe lidatsegulidwa mu 1976, lidamangidwa pamathiriro a mtsinje wa Mhlathuze. Ku Cato Ridge, kampani ya ku Britain ya Thor Chemicals inkalandira zinyalala za mercury kuchokera kumaiko akunja, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mercury wochuluka adapezeka mu mtsinje wa Mngceweni, womwe madzi ake amakathera mu uMngeni. Ogwira ntchito ena adadwala ndi kumwalira, ndipo mu 1995 boma la Nelson Mandela lidakhazikitsa bungwe lofufuza nkhaniyo. Pangano la maiko onse loletsa kuipitsa dziko ndi mercury, lomwe lidasainidwa mu 2013, lidatchedwa dzina la Minamata.

Zonsezi sizikutanthauza kuti chitini cha nsomba za pilchard chiziopedwa, pakuti nsomba zazing'ono zosakhalitsa zimakhala ndi mercury wochepa. Zofunika kuchenjera nazo, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi ana, ndi nsomba zazikulu zodya zinzake monga shaki ndi swordfish, komanso nkhanu ndi nsomba zowedzedwa m'madoko momwe mukukumbidwa. Maiko ambiri amaika malire a theka la miligalamu pa kilogalamu ya nsomba wamba, ndi miligalamu imodzi pa nsomba zazikuluzo. Kuphika, kuwamba kapena kuyanika sikuchotsa poizoniyu chifukwa amakhala m'mnofu weniweniwo.

Johannesburg nayo si yongoonerera. Golide atapezeka ku Langlaagte mu 1886, migodi yoyamba inkamugwira ndi mercury, ndipo njira ya cyanide, mankhwala osungunula golide, idafika cha m'ma 1890, agogo athu a Wenela asadayambe kutsikira m'migodi imeneyi mwaunyinji. Lero anthu okumba mobisa m'migodi yakale, omwe amatchedwa zama zama, akugwiritsabe ntchito mercury ndi kumuwotcha pafupi ndi nyumba za anthu. Mvula yogwa pamzindawu imagawika pawiri: ina imatsata Jukskei, Crocodile ndi Limpopo mpaka ku Mozambique, ina imatsata Klip, Vaal ndi Orange mpaka kunyanja ya Atlantic, ndipo m'njira monsemo muli madambo ndi madamu momwe matope amakhazikika, momwenso anthu amaponya mbedza Loweruka ndi Lamlungu kuti apeze ndiwo.